Tayipi ya Ababa

Lero ndili mkati molemba buku langa, telala woyandikana nane anathira mafuta m'makina ake. Fungolo linandibwezera kwathu ku Lungwena, m'mbali mwa nyanja.

Ababa ankalemba nthano pa tayipi yakale yomveka fungo lomwelo. Mphunzitsi mnzawo atatengedwa ndi achipani, amayi anawauza kuti, "Chinthuchi chimamveka mpaka kumsewu, adzati mukulemba zoukira boma. Sankhani, ichi kapena anawa."

M'mawa mwake ababa anandikweza m'bwato, tayipi ili pamiyendo panga. Titafika pakuya anasiya kupalasa.

"Dina kamodzi, mwanangu."

Ndinadina chilembo chimodzi pa tayipiyo. Ababa anaipukuta ndi malaya awo ngati mwana wopita kutchalitchi, n'kuitsitsira m'madzi ndi manja awiri. Kabelu kake kanalira. Manja awo anakhalabe m'madzimo, bwato likutengeka lokha.