Sopo wa m'Sutikesi ya Amayi

Ndinanyamuka ku Lilongwe Loweruka cha m'ma 6 koloko m'mawa, m'chikwama muli sopo wa mitundu inayi, koma pathupi panga popanda fungo lililonse. Ndinasamba madzi okhaokha, osadzola kanthu. Ine ndine telala, ndipo makasitomala anga amadziwa kuti sindituluka pakhomo ndisanapopere perefyumu m'khosi. Tsiku limeneli ndinkadzimva ngati ndayiwala nsapato. Koma ndinali ndi chifukwa.

Amayi anga, a Nangozo, amakhala kumudzi kwathu kuseri kwa Mtakataka. Maso anawathera zaka zinayi zapitazo, ndipo chaka chathachi nazo nzeru zinayamba kuwathawa. Anthu amawazindikira ndi mphuno. Mng'ono wawo, amayi aang'ono a Felesiya amene amawasamalira, amawadziwira ku utsi wa nkhuni ndi fodya wa m'mphuno. Ine nditapita pa Pasaka ndinagwada pambali pa mphasa yawo n'kuwagwira dzanja. Iwo ananunkhiza, kenako anati mwaulemu wonse, "Zikomo mayi. Mwachokera kuchipatala?" Ndinakhalako masiku atatu, ndipo onse atatuwo ndinali mlendo wa kuchipatala, ine Agnesi, mwana wawo wachisamba. Zinandiwawa kuposa mmene ndingalembere.

Ndiye mkati mwa sabata amayi aang'ono anaimba foni kuti amayi ayamba kukana chakudya. "Ngati ukufuna akutchule dzina, bwera pano," anatero. "Mafuta ako a m'tauniwo uwasiye komweko. Usake sopo wa duwa uja, mwina angawadzutse mutu."

Sopo wa duwa anali wapinki, wokulungidwa m'pepala lokhala ndi chithunzi cha duwa. Abambo ankagwira ntchito ya njanji, ndipo akalandira malipiro ankagulira amayi mmodzi. Sanali wa ana ayi. Ife tinkasamba sopo wochapira, wodula ndi mpeni. Wa duwayo amayi ankamubisa m'sutikesi, ndipo ine ndinkamuba Lamlungu lililonse popita kutchalitchi. Uchitsiru wake unali woti ndikamuba ndinkakhala pafupi ndi mwini wake pa benchi imodzi. Fungo linkandiulula pemphero loyamba lisanathe, ndipo khutu langa lakumanja limakumbukirabe zala za amayi.

M'masitolo a ku Lilongwe ndinamupeza sopoyo. Dzina lake lomwe lija, duwa lomwe lija, koma nditamununkhiza ndinangomva maswiti. Ndinagula ameneyo ndi ena atatu ofananirako, poganiza kuti mwina mphuno yanga ndi imene yakalamba.

Padepoti kondakitala ankakuwa kuti kwatsala anthu awiri, ndipo anthu awiriwo anatsalabe kwa ola lathunthu. Mpaka pa Masasa ndinalipira K12,000. Ndinakhala pakati pa mnyamata wa yunivesite amene anasamba perefyumu m'malo mwa madzi ndi mayi wina wonyamula anyezi. Ndinkadzipanikiza kumbali ya anyezi, kuopa kuti fungo la mnyamatayo lingandikakamire n'kukandisandutsanso nesi. Mayiyo anandiyang'ana n'kuseka. "Khalani momasuka, asisi, anyeziwa saluma." Pa Dedza kunali chifunga ndi kuzizira kwake kwa masiku onse. Ndinagula mbatata yootcha pawindo, koma ndinangoigwira m'manja kuti indifunditse.

Tinafika pa Masasa nthawi ili cha m'ma 10 koloko. Pamenepo umasiya msewu waukulu n'kukwera timagalimoto ta matola totsikira ku Golomoti. Kathu kanali ka anthu asanu ndi awiri, tinakwera khumi ndi mmodzi, aliyense K8,000. Amene sanatsikepo phiri la Khwekhwerere adziwe kuti msewu wake umapindika mpaka munthu umayiwala kumene kuli kummawa. Kumanzere phiri, kumanja phompho, kenako zimasinthana. Makutu amatseka. Mabuleki anayamba kununkha ngati mphira wopserera, ndipo bambo wina wachikulire amene ndinapanikizana naye ataona ndagwira korona anati, "Musaope mayi, dalaivalayu msewu uno amaudziwa ngati m'thumba mwake." Atatero naye anatulutsa korona yake.

Pakati pa phiri ndinavula juzi. Pansi pa phiri ndinavula mpango. Milambe itayamba kuoneka, mphepo yolowa pawindo inasintha, inabwera yotentha, yonunkhira fumbi ndi ndowe za ng'ombe zouma. Ndinadziwa kuti ndalowa kwathu.

Pa Golomoti tinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinalowa m'kalesitilanti kena n'kuitanitsa mpunga wa ku Bwanje ndi usipa, K4,000. Mpungawo wokha ndiwo sunasinthe fungo chiyambire ndili mwana. Nditadya, popeza safunsa anadya phula, ndinapita kugolosale ina yakalekale ya kuseri kwa msika. Mwini wake, a Saidi, ndi mkulu wa ndevu zoyera amene ndinamupeza akugulitsa pomwepo ndili mtsikana. Ndinawafunsa ngati angakhale ndi sopo wa duwa wakale, ngakhale mmodzi woyiwalika kuseri kwa shelefu.

Anatenga amene ndinagula ku Lilongwe, anamununkhiza, n'kupukusa mutu.

"Wallahi mayi, uyu ndi dzina lokha. Wakale uja munthu ukasamba kuno ku Golomoti, a ku Mua ankadziwa kuti wasamba. Masiku ano angosiya chithunzi. Ngakhale mafuta amene ndinkadzola popita kumzikiti Lachisanu, botolo ndi lomwelo, koma m'katimo athiramo zina. Akazi anga anamwalira akudziwa fungo lina, ine ndikuyenda ndi lina."

"Ndiye palibiretu, bambo?"

"M'golosale mulibe. Zinthu zakale musamazifunse kwa ife ogulitsa. Kafunseni m'masutikesi a azigogo."

Ndinathokoza n'kugula shuga ndi machesi kuti ndisatuluke chimanjamanja. Mawu awo aja sindinawaganizire kwambiri nthawi imeneyo.

Minibasi ya ku Salima inanditenga pa K4,000. Titadutsa pamphambano yolowera ku Mua Mishoni, ndinakumbukira Khirisimasi ina tikuyenda wapansi kuchokera kwathu, nsapato zili m'manja kuti zisade. Amayi anali patsogolo atavala diresi yabuluu, abambo pambuyo akukankha njinga. Ine ndinkayenda kumbuyo kwenikweni kwa amayi kuti mphepo izindibweretsera fungo lawo. Sindikumbukira zimene wansembe analalikira, sindikumbukira zimene tinadya. Fungolo lokha ndimalikumbukira, koma mutandifunsa kuti linali lotani sindingakuuzeni. Ndingangoti linali la amayi pa tsiku labwino.

Pa Mtakataka ndinatsika nthawi itadutsa 2 koloko, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto, K2,500. Njira yake ndi ya mchenga, yodutsa panjanji imene abambo anathera moyo wawo akuikonza. Udzu wamera pakati pake.

Amayi ndinawapeza agona pakhonde, ataonda kwambiri, mikono ngati timitengo. Phala la m'mawa linali pambali, silinakhudzidwe. Amayi aang'ono anandilandira ndi maso okha. Sitinachedwe ndi malonje. Ndinapita kubafa ndi sopo wa ku Lilongwe uja, ndinasamba, ndinabwera n'kugwada.

"Amayi, ndabwera."

Anatembenuza mutu, ananunkhiza, anakwinya mphuno. "Ndani akudya maswiti osandigawira?" Kenako anati, "Mwabweranso a nesi? Pepani, ine mankhwala sindifuna."

Ndinayesa wachiwiri m'manja. Ndinayesa wachitatu. Wachinayi sindinamutsegule n'komwe. Ndinapita kuseri kwa khitchini ndipo ndinalira ngati mwana, mayi wa zaka makumi asanu. Amayi aang'ono anandipeza pomwepo. Pofuna kungolankhula, ndinawauza zimene a Saidi ananena za masutikesi. Iwo anayamba afwenkha kaye fodya wawo.

"Alipo," anatero potsiriza. "Womaliza amene abambo ako anagula asanadwale. Koma ameneyo ndi wa ulendo wawo."

Ndinamva zimene ankatanthauza. Kwathu kuno mayi akakula amakonzeratu sutikesi yake. Amaikamo nsalu yatsopano, yunifolomu ya bungwe la amayi a kutchalitchi, mpango, ndi sopo wabwino woti adzukulu adzamusambitsire akadzamwalira. Adzukuluwo ndi anthu amene amasamala thupi ndi kukumba manda. Sutikesi imeneyo munthu wina satsegula mwini wake ali moyo, makamaka akudwala. Kutero kuli ngati kumuuza kuti nyamukani, mukutichedwetsa.

"Anthu akamva adzati tikuwafulumizitsa," anatero amayi aang'ono. "Adzati mwana wa m'tauni watopa ndi kutumiza shuga."

Apa ndivomere kuti ndinapsa mtima, ndipo ndinalankhula mosayenera kwa munthu amene wasamalira amayi anga zaka zinayi ine ndili ku Lilongwe. "Ndiye amumve liti sopoyo, amayi aang'ono? Ali m'bokosi? Adzanunkhirira adzukulu, ine mwana wawo ndili nesi mpaka kumanda?"

Anamasula mfundo ya pachitenje chawo, anatulutsa kakiyi, anakaika pamwala n'kunyamula ndowa. "Ine ndapita kumjigo," anatero. "Sindinaone kanthu."

Sutikesiyo inali pansi pa bedi, yomwe ija ya malata. Ndinaikoka monga ndinkachitira zaka makumi anayi zapitazo, koma nthawi imeneyo ndinkaopa khutu lokha. Nditatsegula, fungo linandipeza ndisanamuone sopoyo. Linali litalowerera m'nsalu zonse. Ndinangokhala pansi. M'maganizo mwanga abambo anali pakhomo akuimika njinga, amayi akupesa tsitsi pagalasi long'aluka, ine ndili ndi zaka khumi. Sopoyo anali pakati pa yunifolomu, pepala litasanduka lachikasu, iye mwini atauma n'kuchita ming'alu. Ndinapempha Mulungu kuti ngati ndikulakwa, mlandu ukhale wanga ndekha. Ndinathira madzi pang'ono m'beseni, ndinasamba m'manja ndi m'khosi basi, ndinatuluka.

Ndinangogwada pambali pa mphasa.

Mphuno ya amayi inagwedera. Anadzutsa mutu okha, chinthu chimene amayi aang'ono anati sanachite kwa sabata yathunthu.

"Ndani watsegula sutikesi yanga?"

Mawuwo anali amphamvu, a kalekale. Kenako nkhope yawo inasintha, ndipo anafunsa motsitsa, "Kodi adzukulu afika kale?"

Pamenepo ndinadziona kuti ndachita choipa chenicheni. Ndawaopseza amayi anga ndi imfa yawo yomwe. "Ayi amayi, ayi, palibe adzukulu," ndinatero misozi ili chuchuchu.

Anatambasula dzanja, anapeza langa, analikokera kumphuno. Ananunkhiza kawiri. Dzanjalo linakwera paphewa, pakhosi, patsaya, mpaka linafika pakhutu lakumanja. Ndipo linatsina.

"Agnesi! Iwe Agnesi, wakuba iwe! Wayambanso?"

"Ndine, amayi."

"Ndikudziwa kuti ndiwe. Pakhomo pano wakuba sopo ndi mmodzi yekha. Chikhalirecho sunasinthe? Nanga wakhala kuti masiku onsewa, osabwera kudzandiona?"

Sindinawauze za Pasaka. Ndinangoika mutu pachifuwa chawo, iwo akundikalipira, ine ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Amayi aang'ono anali ataima pakona ya nyumba ndi ndowa yopanda madzi. Kumjigo sanapite n'komwe.

"Felesiya," amayi anaitana, "ndikukumva fodya wakoyo, usabisale. Tenga mpeni. Umudulireko mwanayu, kupanda kutero amaliza yense. Theka linalo ubwezere momwemo, ndili nalo ulendo."

Amayi aang'ono anadula sopoyo pamwala, monga tinkadulira wochapira uja. Wouma chotero anaphwanyika, mbali yaikulu inabwerera m'sutikesi, ine ndinatsala ndi kachidutswa ngati bokosi la machesi. Madzulo amenewo amayi anadya phala masupuni asanu ndi imodzi, ine ndikuwadyetsa, iwo akundifunsa za ana anga mmodzimmodzi, ena powatchula mayina a abale awo amene anamwalira kale.

Kutacha Lamlungu ndinapita kukawapatsa moni ndisanasambe. "Zikomo mayi," anatero. "Mwachokera kuti?" Ndinapita kubeseni, ndinapaka kachidutswa kaja m'manja kamodzi kokha, ndinabwerera. Khutu linatsinidwanso.

Ndinabwerera ku Lilongwe Lolemba kudzera ku Salima, chifukwa Khwekhwerere kawiri pa sabata imodzi mtima wanga sungathe. M'njira monse ndinkaganiza za zaka zimene ndinkatumiza shuga ndi sopo wa m'tauni kudzera kwa makondakitala, ndikudziyesa mwana wabwino. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amayi ali pamphuno panopa, mawa sindikudziwa. Perefyumu ndinasiya, ndipo Loweruka lililonse lachiwiri ndimatseka shopu n'kukwera minibasi ya ku Masasa.

Kachidutswa kaja ndimakasunga m'kabotolo kotseka bwino, ndipo ndimakakhudza ndi madzi ndikafika pakhonde pokha. Ulendo uliwonse kamachepa pang'ono. Ulendo uliwonse nawo amayi ndimawapeza atachepa pang'ono. Sindikudziwa kuti chidzayambe kutha ndi chiti, koma ndimapemphera kuti kasakhale kasopoko.