Dona Graciete ndi Khoma Lopanda Mzere

Kukangoti mbee, belu la Misa yoyamba lisanalire, Dona Graciete Seixas ankakhala atadzuka kale. Nyumba yawo ili pamwamba pa yanga, choncho ndinkamva mpando ukukokedwa, kenako fungo la khofi linkatsika ndi masitepe. Ndinkafunda shawelo yanga yakuda n'kukwera. Ndinkawapeza patebulo la kukhitchini, buledi atanyema koma osadya, kalikuleta yojambula magalafu ili m'manja, zala zikuyenda pamabatani iwo nkhope ili kudenga.

"Mwafika, Ermelinda? Taonani apa. Chatuluka n'chiyani?"

Ine masamu ndinasiyira kupulayimale. Kusekondale ya m'tauni mwathu ntchito yanga ndi kutsegula makalasi, kukolopa ndi kunyamulira aphunzitsi zipangizo. Koma maso ndili nawo. Ndinkasuzumira pa kagalasi ka kalikuleta n'kunena zimene ndaona.

"Mzere wina wayamba kukwera pang'onopang'ono, kenako waima chilili ngati njira ya kumanda."

"Unzake?"

"Wayamba chilili, kenako watopa, ukuyenda chogona."

"Pakati pawo?"

"Pali wowongoka, wochoka pakona yapansi kumanzere kukafika pakona yapamwamba kumanja."

"Basi, zatheka. Pitani mukapemphere, musawadikiritse abambo mfumu."

Maso awo anali atayamba kufa pakati. M'mbali ankaonako, moti ankayenda okha mumsewu, koma chimene achiyang'ana mwachindunji chinkasanduka banga. Dokotala wa ku Porto anawauza kuti sizidzabwerera. Sanauze munthu wina koma ine. Anali ndi kalasi ya chaka chomaliza, ana amene anawatenga kuyambira atangolowa, ndipo ankafuna kuwafikitsa okha pa mayeso a boma a mu Juni. Ndiye phunziro lililonse ankaliloweza m'zala m'mawa, batani ndi batani, ine ndikuwauza ngati chithunzi chatuluka.

Mtima wanga sunkakhazikika. Ndinawauza kuti kubisa ndi bodza n'zapachibale.

"Wandifunsa ndani?" anatero. "Akandifunsa ndidzayankha. Inu lapani zanu, zanga muzisiye."

Dona Graciete ndi mwana wa mlimi wa maolivi. Sanakwatiwe, ndipo kutchalitchi amalowako pa maliro pokha. Anaphunzitsa masamu pasukulu imeneyi mpaka kuphunzitsa ana a anthu amene anawaphunzitsa. Makalikuleta ojambula atalamulidwa m'makalasi, aphunzitsi anzawo ambiri ankang'ung'udza. Iwo anatenga yawo n'kukakhala nayo tchuthi chonse, pobwera akuidziwa kuposa ana. Koma sankaikhulupirira. Ankati ndi wantchito wachangu amene sadziwa kukana.

Phunziro limene ankalikonda ndi limene tinkayeserera masiku amenewo. Anandifotokozera kamodzi akupaka batala pabuledi. Pali lamulo la masamu limene umalipatsa nambala n'kukubwezera ina. Ndiye pali linzake lobweza: ukalipatsa yankho lija, limakubwezera nambala imene unayamba nayo. Ukawajambula onse awiri, amayang'anizana ngati munthu ndi nkhope yake pakalilole, ndipo kaliloleyo ndi mzere wowongoka wapakati uja.

Nkhani inayamba ndi kholo lina. Linaona kuti ndemanga za aphunzitsi pa mapepala a mwana wake zikulembedwa pamwamba pa mayankho, mizere ikupita chotsetsereka. Linakadandaula kwa mkulu wa sukulu, Bambo Amílcar Pimentel, amene ali mnyamata anakhalapo m'kalasi mwa Dona Graciete. Iwo ananena kuti abwera kudzaonerera phunziro.

Tsikulo ndinanyamula makina oonetsera pakhoma n'kuwalumikiza ku kalikuleta ya sukulu, kuti zimene zili pa kagalasi zioneke zazikulu. Sindinadziwe, ndipo ndikanadziwa bwanji, kuti mphunzitsi wa sayansi anali ataigwiritsa ntchito m'mawa womwewo. Kagalasi kaja kamaonetsa chigawo chokha cha galafu, chimene wachisankha, ndipo iye anasiya malire ake ali kutali, kumanambala akuluakulu. Bambo Amílcar anakhala kumbuyo. Ine ndinaima pakhomo.

Dona Graciete anadina mabatani osaphonya ngakhale limodzi. Anatenga kandodo kawo n'kuloza pakhoma.

"Mukuona mmene ukukwerera apa? Tsopano yang'anani unzake, pansi pa mzere wapakatiwu."

Khoma linali loyera mbee. Panalibe mzere, panalibe kadontho. Iwo anapitiriza kuyendetsa kandodo m'njira imene mizere ikanadutsa, ndipo anayendetsa molondola. Ana ena anaweramitsa mitu.

Mtsikana wina dzina lake Telma, amene ankakhala kutsogolo, ananena chapansipansi, "Aphunzitsi, pakhomapo palibe kanthu."

Kandodo kanaima.

"Palibe ngakhale pang'ono?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Zikomo, Telma. Enanu mukanandisiya ndiphunzitse njereza mpaka belu." Anatembenukira kumbuyo kwa kalasi. "Amílcar, uli kuti? Lemba kuti sindiona. Ulembe zowerengeka, chifukwa zolemba zako ndimazikumbukira, zinali ngati nkhuku yapalasa."

Ana anaseka kenako n'kudzigwira. Bambo Amílcar anaimirira nkhope itafiira.

"Dona Graciete, chonde, tikakambirane ku ofesi."

"Belu likalira. Ola ili ndi langa. Khala pansi."

Anakhaladi.

Dona Graciete anauza ana kuti atulutse pepala la timabokosi ndi cholembera cha inki yambiri. Aliyense ajambule mzere wokwera uja pamanja, apinde pepala motsata mzere wapakati inki isanaume, atsindire ndi chala chachikulu. Atafunyulula, mbali inayo kunali kutadindika mzere wachiwiri.

"Lobweza ndi limenelo," anatero. "Mwalipeza ndi chala. Tsopano tiyeni tifunse makina ngati akuvomereza. Wina wawasiya akuyang'ana kuthengo."

Anapapasa kalikuleta, anadina mabatani obwezera malire pamalo pake, ndipo mizere itatu inatuluka pakhoma. Sanaione. Anamva ana akupuma, n'kudziwa kuti yafika. Anauza aliyense achite chimodzimodzi pa kalikuleta yake, n'kumayenda pakati pa madesiki akufunsa mmodzimmodzi kuti anene ndi pakamwa chimene akuona. Woyankha kuti "zatuluka" ankamubweza. "Chatuluka chiyani, mwana iwe? Chadutsa pati? Undionetse ndi mawu."

Belu litatsala pang'ono anati, "Mawa ndikuonetsani pamene makinawa amanama. Pali malamulo opanda obweza, chifukwa nambala ziwiri zimapereka yankho limodzi, ndiye sudziwa kobwerera. Koma mukadina batani, makina amajambulabe, mopanda manyazi. Mukakopera zimenezo pamayeso mwagwa."

Mawa limenelo silinabwere. Madzulo omwewo Bambo Amílcar anawauza kuti akhale kunyumba mpaka madokotala a boma awapime. Si munthu woipa. Ndinawaona akuyendayenda m'khonde akusisita pamphumi. Ankati pali mapepala oti achongedwe, pali makolo, pali malamulo. Kalasi anaipereka kwa mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Vila Real.

Madokotala anagamula kuti apume pantchito. Sukulu inakonza chakudya chotsanzikana, nyama ya mbuzi yowotcha ndi vinyo. Dona Graciete sanapite. Maluwa amene anawatumizira anandipatsa kuti ndikaike kuguwa. "Kumeneko ndiye kopita maluwa a anthu akufa," anatero. Aliyense wowauza kuti pepani ankamufunsa kuti wamwalira ndani. Anzawo ena anawalangiza kuti aziitanira ana kunyumba. Anakana. Anati iwo si ogulitsa masamu pakhomo lakuseri, kalasi yawo ili ndi chitseko ndipo akudziwa pamene chili.

Kusukulu anabwerako kamodzi kokha, sabata imene anawaimitsa. Anavala jekete lawo labuluu, anayenda okha, anakana mkono wanga. Ndinali kukolopa m'khonde la ku ofesi, ndipo chitseko anachisiya chotsegula dala.

"Sindinabwere kudzalira, Amílcar. Kalasi mwatenga, tengani. Koma phunziro lija ndinalisiya pakati."

"Mphunzitsi watsopano alimaliza, Dona Graciete."

"Alimaliza mmene lilili m'buku. Ine ana aja ndinawauza kuti mawa. Undipatse ola limodzi ndi ana aja mayeso asanafike. Mnyamata wakoyo akhale momwemo, azindiyang'anira khoma. Ola limodzi, ndiwaonetse pamene makina amanama, kenako simudzandionanso."

Bambo Amílcar anati afunse kaye kwa akuluakulu ku Porto, ndipo adzawadziwitsa.

Juni anafika yankho lisanabwere, ana analemba mayeso, anabalalika, ena ku Coimbra, ena ku France. Bambo Amílcar akadali mkulu wa sukulu. Akakumana pamsika amavula chipewa n'kufunsa za thanzi. Dona Graciete amayankha moni, n'kuima pang'ono atapendeketsa mutu, kudikira ngati pali china. Sanapemphenso kachiwiri. Amati anapempha momveka, ndipo munthuyo makutu ali nawo.