Amayi anga, olembera anthu makalata a ku Joni

Amayi anga, a Manesi Nabanda, anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka 36, atabereka kale ana asanu. Ine Eveline ndine wachitatu. Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi, maola awiri wapansi kukafika pa Malomo.

Abambo, a Kalebe Phiri, anapita ku migodi ya ku Joni mu 1968. Makalata awo ankafikira pasitolo ina pa Malomo, ndipo amene ankawerengera anthu anali a Aroni, ogulitsa m'sitolomo. Achimwene anga ankadziwa kuwerenga, koma amayi ankati kalata ya mwamuna kwa mkazi wake sawerenga mwana. A Aroni sanali munthu woipa, kungoti ankawerenga mokweza ngati akulengeza m'tchalitchi. Tsiku lina amayi anaima pakhonde la sitoloyo, amuna ena akusewera bawo pambali, a Aroni n'kuyamba: "Mkazi wanga wokondedwa, ndakusowa kwambiri." Abawo aja anaphulika kuseka. A Aroni anapitiriza ndi mawu omwe aja: "Mwala unandiphwanya dzanja lamanzere, andidula zala ziwiri." Kuseka kunathera pomwepo. Amayi analandira kalatayo, anaipinda, n'kubwerera kumudzi.

Mwezi wotsatira analembetsa sukulu ya kwacha, imene inkakumana masana m'tchalitchi chathu chaudzu. Akapuma popalira mtedza ankatola kamtengo n'kumalemba zilembo pamzere. Patatha chaka analemba kalata yawo yoyamba, ya mizere inayi. Abambo poyankha anafunsa kuti wawalembera ndani, chifukwa zilembozo zinali zazikulu ngati za mwana. Amayi anayankha ndi mzere umodzi: "Ndalemba ndekha, muzolowere."

Posakhalitsa amayi ena a m'mudzimo, amene amuna awo anali ku Joni kapena ku Halale, analeka kupita kwa a Aroni. Ankabwera kwathu Lamlungu akaweruka kutchalitchi, kalata ataimanga pansonga ya chitenje. Amayi ankawatengera kuseri kwa nkhokwe, ife n'kutithamangitsa. Asanayambe ankaiwerenga kaye chamumtima, kenako n'kufunsa: "Ndiwerenge zonse?" A Lusiya, oyandikana nafe nyumba, anandiuza ndili wamkulu kuti iwo anavomera, ndipo anamva kuti amuna awo akwatira wina ndipo sabweranso. Amayi sanadumphe liwu n'limodzi lomwe. Atamaliza anakhala nawo pamphasa mpaka analeka kulira, ndipo nkhaniyo sinamveke m'mudzi mpaka eni akewo anaiulula.

Polemba ankalemba zimene munthu wanena, ngakhale zonyoza apongozi. Zimene ankakana ndi za chipani basi. Wina akayamba kudandaula za makhadi kapena za achinyamata otseka njira ya kumsika, amayi ankaika pensulo pansi. "Izo mudzawauza akabwera. Kalata imadutsa m'manja ambiri."

Abambo anabwerako mu 1975. Ife tinakula, tinakwatiwa ndi kukwatira, ine ndinakhala mphunzitsi pasukulu ina pafupi ndi boma la Dowa. Adzukulu anafika khumi ndi mmodzi. Amayi sanali agogo osasatitsa. Pa holide mdzukulu aliyense ankapatsidwa lichero lake la mtedza woti aswe, ndipo wodya wambiri kuposa umene waswa ankauzidwa pamaso pa anzake. Komabe sukulu ikatsekera onse ankalirira kwa agogo.

Chotupa cha m'bere lamanja anachimva mu 1987, koma sanauze munthu. Anadikira mvula, analima, anapalira, anakumba mtedza. Mu Meyi 1988 ndinapita kukawaona ndipo ndinapeza akulephera kukweza mkono kuti asenze ndowa. Nditawakakamiza anandilowetsa m'nyumba n'kundionetsa. Chinali chitaphulika kale, atachiphimba ndi kansalu koyera.

Ku chipatala cha Dowa anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko adokotala atawapima analankhula ndi ine m'Chingerezi nthawi yaitali, amayi akungoyang'ana milomo yathu. Titatuluka anandifunsa:

"Ati chiyani?"

"Ati muzimwa mankhwala, mupeza bwino."

"Eveline, munthu walankhula nthawi yonse ija, iwe wanena mawu asanu. Unene zonse."

Ndinawauza: ndi khansa, yafika m'mapapo, opaleshoni singathandizenso. Anakhala pabenchi ya panja, akusisita bondo.

"Chabwino. Basi ya kwathu imanyamuka nthawi yanji?"

Anakhala miyezi itatu. Ndinapempha tchuthi kusukulu, ine ndi mng'ono wanga Hana tinkasinthana kutsuka chilondacho m'mawa ndi madzulo. Masabata oyamba ankatuluka panja n'kumasankha mtedza wa mbewu, akutaya wofwifwa ndi dzanja lamanzere. Mbuzi zawo zisanu ndi imodzi anagawira adzukulu aakazi, anati aamuna adzazigulitsa n'kugula wailesi. Amayi a Chigwirizano a kutchalitchi kwathu ankabwera ndi nkhuni ndi ufa, n'kuimba nawo, ndipo wina akalakwitsa ndime amayi ankamukonza ali chigonere. Chakumapeto ululu unkapitirira mankhwala. Kamodzi kokha anandiuza kuti, "Mwana wanga, ndatopa." Mawa lake anafunsa ngati abambo adya.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, pa 9 Ogasiti 1988, ali ndi zaka 55. Abambo anali pambali pawo, Hana atapita kudambo kukatunga madzi. Anthu anabwera ambiri moti ena anakhala m'munda wa oyandikana nawo, ndipo maliro tinaika Lachinayi podikira achimwene ochokera ku Kasungu.

Abambo anakana kusamuka. Anakhala okha m'nyumbamo zaka zinayi, Hana akuwaphikira, mpaka nawonso anatisiya. Mdzukulu wakhumi ndi chiwiri anabadwa miyezi iwiri amayi atapita. Ndi mwana wanga wotsiriza, Rebeka, ndipo nthawi zina amandikwiyira kuti anzake onse ali ndi nkhani za agogo koma iye alibe.