Enos Sanalowe M'filimu

Ngati simumudziwa Tarsizio ndiye kuti simunapempherepo ndi Amalawi ku Beaumont, ku Ireland kuno. Ndi uja wa besi m'kwaya, amene akatsegula pakamwa ndege za ku Santry zimachita manyazi. Ankatsuka mbale pahotela, koma chuma cha Ireland chitagwa chagada hotelayo inatsekedwa, mkuluyu n'kukwezedwa kukhala woyendera misewu wopanda malipiro.

Poyenderapo anapeza shopu ina pa Parnell Street, kale ya nsapato, tsopano ya tiyi waulere. Mwini tiyi anali Emmie, mzungu wa zaluso. Ankaitana aliyense, makamaka amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo, kuti afotokoze pa kamera filimu imene inawalizapo. Tarsizio akuti analowera tiyi basi.

Tiyi atamulowa, nzeru zakuya zinamufikira: ndiyankhula Chichewa, mzunguyu amva chani? Ndiye anakhuthula. Za vidiyo sho ya ku Ndirande, mdima bii, mafilimu achimwenye anthu akuvina pamvula. Za Enos, amene ankakhala naye benchi yakumbuyo atagwirana manja, anthu n'kumati ndi chinzake basi. Za filimu ina ya mnyamata wothamangira sitima osaipeza, Enos n'kumunong'oneza kuti, "Iwe ukadzapita, ine sindidzathamanga. Ndidzangokhala pansi."

Enos anamwalira chaka chomwe hotela inatsekedwa. Tarsizio kumaliro sanapite, mapepala ake anali osalongosoka.

"Sanali mnzanga chabe," anauza kamera. "Anali wanga. Ndipo sindinamulire pagulu."

Chimene anaiwala n'choti mzungu salira asanawerenge. Emmie anafuna munthu womasulira kuti mawuwo alembedwe m'Chingerezi pansi pa chithunzi. Anakafunsa kutchalitchi, ndipo anamupatsa ndani? Mayi Felista, namwino, wapampando wa kwaya, amene akatsokomola ngakhale Bambo Mfumu amakonza kolala.

Tarsizio atamva anaonda mpaka lamba kumuzungulira kawiri. Koma mumtima ankati, akandichotsa m'kwaya andichotse, bola dzina la Enos liwerengedwe pakhoma kamodzi kokha.

Tsiku loonetsa, Mmalawi m'shopumo anali Tarsizio yekha. Mayi Felista anali ataika pulakatisi ya kwaya nthawi yomweyo, wojomba achotsedwe. Nkhope ya Tarsizio inatuluka pakhoma, yaikulu ngati basi, ikulira. Iye anawerenga pansi pake. Mawuwo ankati akulira malemu mayi ake, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhomo pa vidiyo sho.

Mayi ake ali moyo ku Chiradzulu, akulima nandolo.

Azungu analira mpaka matishu kutha. Anamukumbatira mmodzimmodzi, kumupepesa za amayiwo. Emmie anati m'chionetsero chonse munalibe nkhani yokhudza ngati imeneyo.

Lamulungu Mayi Felista anamuimitsa pakhomo la tchalitchi.

"Achimwene, zija ndakutsukirani. Musadzabwerezenso."

"Koma Mayi, mukanasiyako dzina lokha."

"Dzina la ndani? Ine dzina sindinalimve. Kapena mukufuna ndilimve?"

Tarsizio anayang'ana anthu akulowa, ana akuyankha makolo awo m'Chingerezi, azimayi akukonza zitenje pamwamba pa majekete. Onse amene akanamunyamula atadwala m'dziko lino anali pomwepo.

"Ayi, Mayi. Zikomo kwambiri."

"Eya. Lowani, lero besi yachepa."

Analowa, n'kuimba.