Kamtanda ka Udzu pa Dashibodi ya Evelina

Evelina Kachingwe wa ku Ntcheu ndi mayi woti ukamulakwira amakuuza pompo, sudzamvera kwa anthu ayi. Anafika ku South Bend, ku Amereka, mu 2009 potsatira mwamuna wake Lucious, yemwe ankaphunzira kumeneko. Banja litatha, abale ankati abwerere kumudzi. Iye anangokweza masutikesi m'galimoto, ulendo wa ku Indianapolis, n'kukayamba ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Chuma analibe, koma anali ndi chimodzi chomunyaditsa: bulauzi ndi duku zoyera, yunifomu ya gulu la amayi pa tchalitchi chawo ku Lawrence. Anaivala zaka khumi ndi ziwiri.

Ndiye kuntchito anamupatsa kuti azisamalira Gogo Noreen a ku Beech Grove, mzungu wa zaka 84, makolo awo ochokera ku Ireland. Gogowa kutchalitchi sankapondako. Ankapembedza Brigid, mulungu wamkazi wa makolo awo akale, ndipo ankangomutchula kuti Mayi. M'chipinda mwawo munali kandulo, mbale ya madzi a pakasupe ndi ng'oma yaphwatalala ngati lichero, yomwe ankaimba akafuna kulankhula ndi mizimu. Tsiku loyamba Evelina anagwira pakamwa. "Koma abale inu! Zimenezi ndinazisiya ku Ntcheu, ndiye ndidzazipezenso kwa azungu?" Anawasambitsabe, n'kuwapesa tsitsi. Pakutha chaka anali atawakonda, ngakhale ankakangana tsiku lililonse za mchere wa mu supu.

Pa 1 February, tsiku la Brigid, mwambo wawo ndi woluka kamtanda ka udzu wa m'dambo n'kukapachika pakhomo. Chaka chimenecho zala za gogo zinali zitapindika ndi nyamakazi. Anayesa kanayi konse, udzu ukungogwera pamiyendo, mpaka misozi inayamba kutsika. Evelina, amene analuka mikeka kuyambira ali kamtsikana, zinamupweteka mumtima. "Bweretsani kuno, mukuwononga udzu." Analuka tiwiri. Kamodzi anapachika pakhomo, kenako gogo anamukakamiza kuti atenge kotsalako. Anakaponya pa dashibodi, kutsogolo m'galimoto yake, n'kuiwalako.

Loweruka anapatsa lifiti amake Belinda, atcheya a gulu la amayi, popita kukagula ufa ndi nsomba zouma ku Lafayette Road. Mayiwo anakaona kamtanda kaja, anafunsa, Evelina n'kufotokoza zonse uku akuseka. Ha! Dzuwa lisanalowe chithunzi cha kamtandako, chimene mayiwo anajambula, chinali chitazungulira kale pa gulupu ya pafoni ya amayi: Evelina akuyenda ndi chithumwa, akulukira asing'anga achizungu.

Anamuitanitsa pamaso pa amayi onse, aliyense mu yunifomu. Amake Belinda sanazungulire. "Mayi Kachingwe, chinthucho muchiwotche pano tonse tikuona, ndipo nyumba imeneyo muisiye. Apo ayi, duku lathu mutibwezere."

Evelina anaimirira. "Amake Belinda, ana anu pa Halowini amavala ngati mizukwa, inu nomwe mumawadiraiva khomo ndi khomo kukapempha maswiti. Udzu wokhawu ndiye wakuopsani?"

"Musatinyoze. Funso ndi lakuti, mumapembedza ndani?"

"Yesu, ndipo sindinamusiyepo ngakhale tsiku limodzi. Koma gogo aja ndine ndimawatembenuza pabedi, ndine ndimawapukuta. Zala zawo zinafa. Akafuna mtanda ndiwalukira, akafuna ng'oma ndiwaimbira. Mphatso ya munthu amene watsala pang'ono kufa, ine sindiwotcha."

Anamasula duku, analipinda bwinobwino n'kuliika patebulo. Anatuluka mutu uli pamtunda, chisanu chikumenya tsitsi. Tisanamizane, atalowa m'galimoto analira kwambiri, chifukwa amayi amenewo ndiwo anali abale ake ku Amereka kuno. Atamaliza anamina, n'kuliza galimoto kupita ku shifiti ku Beech Grove.

Gogo Noreen anamwalira mu March, m'mawa wa Lachitatu. Atatsala pang'ono analoza ng'oma ija ndi maso. Evelina anaitenga n'kumaimenya pang'onopang'ono monga ankafunira, pakamwa pake akupemphera pemphero lake m'Chichewa, mpaka mpweya unatha. Anawatseka maso yekha.

Lamlungu lotsatira anthu ankaganiza kuti achita manyazi, sabwera kutchalitchi. Anabwera, atavala chitenje chofiira, n'kukakhala benchi ya kutsogolo kwenikweni, moyang'anizana ndi abusa. Amayi amene anali pabenchipo anasuntha mmodzimmodzi. Iye anaika chikwama chake pamalo amene anasiyawo, n'kutsegula buku la nyimbo.

Mpaka lero amakhala pomwepo yekha, ndipo amaimba mokweza kuposa tchalitchi chonse. Za mmene maliro a gogo anayendera, palibe ndi mmodzi yemwe anamufunsapo.