Tsiku Limene Ndinavala Chipewa cha Malume

Chipewa cha malume chinali chakuda, chamafuta m'mphepete, chonunkha thukuta ndi fodya. Ndinachivala kamodzi kokha, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 7.

Bambo atamwalira, ine ndi amayi tinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya malume ku Kawale. Tinalibe kwina kopita, ndipo malumewo sankalola kuti tiiwale zimenezo. Madzulo ankandituma kukagula kachasu kushabini, kumene azibambo ankandigwira mkono n'kumanditcha mkazi wawo. Ndikachedwa, ndinkapeza lamba akundidikira pakhomo. Malume ndinkadana nawo koopsa, ndipo sindibisa.

Nyengo imeneyo kutchalitchi kunayamba maphunziro a makolo a ana achisodzera. Loweruka lililonse tinkakhala pamabenchi ozizira, makolo uku, ana uku, aphunzitsi akufotokoza za mowa, za mimba, ndi za ubwino wocheza ndi mwana m'malo momukwapula. Malume sankajomba, poti ankafuna udikoni. Tsiku lina anaimirira n'kundiloza.

"Ana a masiku ano ndi ovuta," anatero. "Wangayu ndimachita kukamutenga kushabini."

Holo yonse inatembenuka kundiyang'ana. Amayi anazyolika. Ine ndinameza misozi n'kusunga mangawa.

Sabata yotsatira aphunzitsi anati tichite sewero, mwana akhale kholo, kholo likhale mwana. Anatiitana kutsogolo ine ndi malume, n'kuwavula chipewa kundiveka ine.

"Uyankhule mmene amakuyankhulira kunyumba, usaope," anatero aphunzitsiwo.

Ndinadzandira, ndinageya, ndinadziponya pampando miyendo ili tasa.

"Iwe kamwana kamasiye, tenga botolo uthamange! Akakugwiragwira usandilirire pano, sungathyoke!"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, poti mawuwo anali a malume enieni, ndi kakhosomo kawo komwe. Kenako ndinachita ngati ndikumasula lamba, n'kumuzunguliza kudzanja mmene iwo ankachitira. Kuseka kunathera pomwepo. Mayi wina kumbuyo anati, "Mayo ine, mwana wa mchemwali wake!" Malume anangoima ngati mwana wogwidwa akuba shuga, dazi likunyezimira thukuta m'kuzizira konse kuja.

Mpaka lero ndikakumbukira dazi limenelo mtima wanga umakhala m'malo. Udikoni sanaulawe, ndipo ndikanapatsidwanso mpata ndikanawonjezera zina zimene ndinasiya. Aphunzitsi aja okha ndi amene ndimawadandaula. Anatiphunzitsa kuyankhula, koma sanafunse kuti mwana akayankhula akagona m'nyumba ya ndani.

Pobwerera ndinkadumphadumpha mumsewu wafumbi, kudikira kuti amayi andiyamikire. Iwo anangopatukira pagolosale ina n'kupempha makatoni opanda kanthu ndi matumba awiri a ufa otha ntchito. Ine ndinasenza makatoniwo pamutu ndikuimba nyimbo ya kwaya, poganiza kuti ndi oyatsira mbaula.