Pijoti Yowala Mbali Imodzi

Ku Biwi ukafunsa kwa Bambo Gilford Chimphepo, anthu ankangokulozera komwe kukulira kompuresa. Mkuluyu anakalambira pa ntchito yopopera penti magalimoto a eni ake, koma Pijoti yawo, mayo ine, inali yothothoka ngati nkhuku yachitopa. Ukawaseka ankati tsiku lake lidzafika.

Linafikadi mu Okutobala 1996, pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, Mirriam, anapeza banja. A Gilford analumbira kuti mkwatibwi sakwera galimoto yobwereka atate ake ali moyo. Pijoti ija anaikwecha ndi sandipepa, anamata mabowo, naipaka penti woyamba wotuwa uja. Kenaka anatulutsa chuma chawo: kachitini ka hadena, mankhwala oumitsira penti, komwe dalaivala wina anawatengera ku Joni.

Penti wa enamelo payekha amachedwa kuuma, ndipo fumbi la mu Okutobala silimvera munthu chisoni, limakakamira ponseponse. Ukathiramo hadena amauma msanga, amalimba, n'kumawala. Koma ukangosakaniza, usatembenuke. Popera pomwepo, ukazengereza aundana m'chitini momwemo.

Lachiwiri m'mawa, ukwati uli Loweruka, anasakaniza penti yense wobiriwira, hadena osatsalako ngakhale dontho. Anali atamaliza mbali ya dalaivala pamene kuseri kwa mpanda kunamveka kulira. Anali atatisiya Bambo Wilkins, neba wawo, yemwe kwa zaka zonsezi ankakangana nawo za phokoso la kompuresa ndi fungo la thina wosungunulira penti.

A Gilford anaima chilili. Kumaliza kunangofunika ntchito yofika masana basi. Koma ndani angalize kompuresa masamba ali pamsewu? Maliro n'kulirana. Mtima unawapweteka, kunama n'kulakwa, komabe anazimitsa, anatsuka chopoperacho, nakakhala pasiwa. Pochokera kumanda mawa lake, penti anali atagwira gwa, ndodo yotakasira ili chiimire pakati. Anazungulira masitolo m'tauni, hadena wakeyo osapezeka, ndipo penti wopanda hadena sakanauma pofika Loweruka.

Anamuuza Mirriam ndi manyazi kuti akabwereka galimoto kwa mnzawo. Iye anakana, nati akwera Pijoti yomweyo, bola akaiimike mbali yowalayo moyang'ana tchalitchi.

Loweruka m'mawa a Gilford anapeza Mai Lena, mkazi wa malemu, ali pagalimotopo ndi zovala zawo zakuda. Ankamangirira maluwa ofiira kumbali yotuwa ija, othothola pampanda womwe a Wilkins sankalola munthu kuukhudza.

"Pepani amayi, musavutike," anatero a Gilford.

"Ku ukwati sindibwera, mukudziwa," anayankha Mai Lena osacheuka. "Koma mbali iyi munawasiyira amuna anga. Ndikongoletsa ndine."

Pijotiyo inatha ndi dzimbiri patapita zaka, a Gilford osaipakanso mbali imeneyo.